Zilombo za Che Twaibu

Uthenga unafikira pa foni ya Lackson, chifukwa yanga nthawi zambiri imathera moto ine ndili m'kati mwa buku. Anaimitsa galimoto ya abwana ake pa geti, n'kutsitsa galasi, ndipo m'malo mondinyogodola monga amachitira masiku onse, anangondipatsa foniyo kuti ndimvere ndekha. Anali mawu a mwana wamkazi wa Che Twaibu, akulankhula ali ku Ntaja. Bambo atisiya, tawaika kale. Anatiuza kuti tidzadziwitse anzawo a ku Doha, makamaka aphunzitsi a pa geti.

Aphunzitsiwo ndine, ngakhale sindinaphunzitsepo munthu chilichonse. Ndine mlonda pa kampaundi ina ku Al Waab, ndipo sukulu ndinaitsanzika isananditsanzike. Koma anthu a muno akamasamuka amataya mabuku, ine n'kumatola. Ndawerengapo za nyenyezi, za kawetedwe ka njuchi, ndi theka la mbiri ya Aroma, poti theka linalo linanyowa n'kumatirirana. Mpaka lero sindidziwa kuti Aromawo zinawathera bwanji. Udindo wa uphunzitsiwu anandiveka ndi Che Twaibu, ndipo unandikakamira ngati nkhupakupa pa khutu la galu.

Tinakumana mu 2015, nditangofika kumene. Ndinali chilili pa geti, yunifolomu ikadali ndi fungo la m'sitolo, pamene kunatulukira mkulu wamfupi, wa kofia yoyera ndi pensulo pa khutu. Anaima patali pang'ono, natambasula mkono, nadzutsa chala chachikulu, natsinzina diso limodzi. Ankandiyeza ngati khoma.

"Musasunthe," anatero m'Chichewa, ine n'kudzidzimuka poti sindinayembekeze chinenero cha kwathu pamalopo. "Eya. Nkhope yabwino kwambiri imeneyi."

Ndinamwetulira. Palibe anandiuzapo zotero, ngakhale mayi anga.

"Nkhope ya munthu woyamba kudyedwa."

Anandifotokozera kuti m'filimu iliyonse yoopsa ya Angerezi mumakhala mlonda. Amamva kaphokoso kuseri kwa fakitale, amatenga tochi, amafunsa kuti ndani uyo, basi ntchito yake yathera pomwepo. Malangizo awo oyamba kwa ine m'dziko la eni anali akuti ndikamva phokoso ndisamafunse dzina.

Pa mapepala Che Twaibu anali dalaivala wa banja lina la Amwenye a ku Limbe omwe anasamukira kuno, koma pamene ndinkawadziwa anali atasiya kale chiwongolero. Ntchito yawo inali kusamalira gogo wa m'nyumbamo, amene adzukulu ankamutchula kuti Dada: kumusambitsa, kumumeta, kumuyendetsa, kukangana naye. Dada ameneyu ndiye anali mwini nyumba ya kanema ku Limbe m'zaka za m'ma 1970, ndipo Che Twaibu anali womujambulira zikwangwani. Iwo sankati kanema. Ankati bayisikopo, ndipo ukati kanema ankakuyang'ana ngati watchula apongozi awo ndi dzina.

Nkhani za bayisikopo sankazikamba mwadongosolo. Zinkatuluka zidutswazidutswa, akabwera pa geti ndi makapu awiri a karaki, tiyi wa mkaka wotsekemera uja amene Doha yonse imayendera. Mafilimu ankafika ku Limbe atakalamba, atazungulira Joni ndi Halale, atakalikakalika, ndipo a boma ankadulamo zimene sanazikonde. M'bokosi la filimu munkakhala chipepala chimodzi chosindikizidwa ku Mangalande, chotambalala m'mbali ngati mphasa, chopindidwa mpaka mizere kuyera. Chimenecho Dada ankachitsekera m'galasi m'kati, kuopa zala za anthu. Cha pamsewu, chachikulu, chokopa anthu otsika basi, chinali cha Che Twaibu: thabwa limodzi, penti ya m'zitini, ndi maburashi amene ena ankawapanga okha ndi ubweya wa kumchira kwa mbuzi.

Kawirikawiri ankajambula filimu asanaione. Chikwangwani chinkayenera kuima filimu isanayambe kuonetsedwa, ndiye ankangoyang'ana chipepala cha Angerezi chija n'kuonjezera zawo. Chipepala chikapanda kubwera, ankapempha woyendetsa makina kuti awatambasulire kachidutswa ka filimu pa windo, iwo n'kusuzumira tizithunzi tating'ono ngati chikhadabo. Dokotala wa jekete loyera. Wapolisi wa chisoti chachitali. Mayi atagwira kukamwa. Zokwanira. Ankati nthawi zina anthu ankatuluka m'bayisikopo akudandaula kuti chilombo cha panja chinali choposa cha m'kati, ndipo limenelo ndilo linali tsiku lawo la chikondwerero.

Mafilimu a Amereka ankawapeputsa. Ankati chilombo cha Amereka ndi chachikulu, chimaponda mzinda, ndipo wina aliyense wokhala ndi penti yambiri angachijambule. Cha Angerezi n'chaulemu. Chimagwa kumwamba m'mudzi wa phee, anthu amayamba amwa tiyi, kenako amaitana wapolisi wa panjinga, ndipo pamene akuzindikira chimakhala chalowa kale mwa munthu amene amagona naye nyumba imodzi. Ankakhulupiriranso kuti Angerezi aja analibe zipangizo zokwanira, n'chifukwa chake ankabisa zilombo zawo m'chifunga, ndipo chifungacho ndicho chinkapatsa wojambula malo. Lamulo lawo linali lakuti chilombo sachijambula chathunthu. Dzanja lokha, kapena mthunzi pa khoma. Mantha enieni amaikidwa pa khosi la munthu amene wachiona, pamene mitsempha yaimirira. Mtundu wobiriwira unali wa chilichonse chochokera kumwamba, wachikasu wa zilembo, wofiira pang'ono chabe chifukwa a boma sankakonda magazi pamsewu.

Ndipo mlungu ukatha, ankapaka laimu thabwa lonse n'kuyambanso. Thabwa linali lomwelo. Palibe anajambulapo chithunzi cha zikwangwanizo. Mavidiyo atabwera bayisikopo inatsekedwa, inasanduka mosungira feteleza, ndipo thabwa lija mwina linathera pa khola la nkhuku.

Ine ndi iwo tinkakangana za mabuku. Ndinkati buku limaopsa kuposa filimu, chifukwa ndinawerenga penapake kuti maganizo a munthu ndiwo mmisiri wamkulu. Iwo ankati amene analemba zimenezo sanakhalepo m'holo yodzaza anthu a ku Ndirande, onse akukuwira dokotala wa jekete loyera kuti asatsegule chitseko. Lachisanu lina masana tinapeza filimu imodzi yakale yoteroyo pa foni ya Lackson, yakuda ndi yoyera. Ndinakhala pansi ngati munthu wophunzira amene wabwera kudzayeza zinthu. Mphaka atalumpha kuchokera m'kabati ndinakhuthulira karaki pa buluku la yunifolomu. Nkhaniyi inafika mpaka kwa Amalawi a ku Al Sadd ine ndisanafikeko.

Tsiku lomwelo ndinawaonetsa pa foni zipepala zenizeni za nthawi imeneyo, zimene anthu a kunja masiku ano amasunga ngati chuma. Anazipitapita ndi chala, akunyinyirika. Uyu sadziwa dzuwa. Mitundu iyi ndi ya msewu wa mitambo, pa Limbe ingafe lisanafike Lachitatu. Uyu waonetsa chilombo chonse mpaka zala za kumapazi, ndiye munthu alowerenji m'kati? Koma anafika pa china, cha mayi ataima pa masitepe, kuwala kobiriwira kukuchokera pansi pa chitseko. Anachiyang'anitsitsa. Kenako anati amene anajambula chimenechi akanakonda kumwa naye tiyi.

Mkangano wa moto unali wa iwo ndi Lackson. Lackson ndi dalaivala wa ku Kasungu, mtima wabwino koma pakamwa ngati lumo. Tinali m'kalesitilanti kena ku Al Sadd, kumene timakumana amene tili pa ofu Lachisanu, ndipo Che Twaibu anadzuka chakudya chisanathe kuti akamwetse Dada mankhwala.

"Madala, khalani pansi," anatero Lackson. "Zaka zonsezi mukupukutabe Mmwenye yemweyo? Anakutukwanani ku Limbe, akukutukwanani ku Doha. Ife timasaina kontirakiti ya zaka ziwiri, khalasi, zathera pomwepo. Inu munasaina ya moyo wonse?"

"Idya mpunga wako, mwana iwe."

"Ayi, tiuzeni. Mumamukonda?"

"Kumukonda? Munthu uja sanandiyamikepo ngakhale kamodzi. Akanakhala mkazi ndikanamusudzula Kamuzu ali moyo."

"Nanga n'chiyani?"

Che Twaibu anakonza kofia yawo. "Iwe galimoto ukayendetsa bwino, abwana ako amaona. Ine zikwangwani zanga zonse zili pansi pa laimu. Anzanga a pa bayisikopo anatha. Pa dziko lino patsala mutu umodzi wokha umene muli zikwangwani zanga, ndipo mutuwo ukudontha. Ndiye ndimakhala pafupi ndi chidebe."

Anatuluka. Lackson anati nkhalamba zimalankhula ngati wailesi, koma mpunga wake sanaumalize.

Mutu wa Dada unkadonthadi. Anali ataiwala mayina a adzukulu ake, Chingerezi chinkamuthawa, koma Chichewa cha ku Limbe chinatsala chilili, ndipo m'nyumba monse amene ankachimva bwino anali Che Twaibu okha. Vuto lalikulu linkabwera dzuwa likapendeka. Dada ankavala jekete, n'kuyamba kufunafuna makiyi. Anthu akudikira pa khomo, bayisikopo sinatsegulidwe. Che Twaibu ankamugwira mkono n'kuzungulira naye kampaundi mpaka aiwale kumene amapita.

Mu June wa 2016, Che Twaibu atapita kukatenga mankhwala, Dada anatulukira pa kageti ka kumbuyo kamene osamalira maluwa anasiya kosakhoma. Amene sanakhaleko ku Doha mu June sangamvetse. Mpweya umakhala ngati watsegula uvuni n'kulowetsamo mutu. Tinamupeza m'mbali mwa msewu waukulu, atakhala pa malo odikirira basi, jekete lili m'thupi, milomo itang'ambika, akufunsa mnyamata wina wa ku Nepal ngati basi ya ku Limbe yadutsa. Anagona m'chipatala masiku angapo.

Mwana wake, amene tinkamutchula kuti bwana wamng'ono ngakhale anali ndi imvi, sanali munthu woipa. Anali wotopa ndi wamantha. Anaganiza zotumiza bambo ake ku Mangalande, kumene kuli mlongo wake, ku nyumba yosungira okalamba ya zitseko zokhoma. Che Twaibu anabwera pa geti tsiku limenelo opanda karaki.

"Aphunzitsi, inu mwawerenga. Kumeneko kuli anthu olankhula Chichewa?"

Ndinati mwina alipo, koma osati m'nyumba imeneyo.

"Ndiye akafunsa makiyi, adzamuyankha ndani? Adzangomubaya jakisoni kuti agone." Anakhala pa mpando wanga, chinthu chimene sankachita. "Moyo wake wonse waonetsa anthu Mangalande wa chifunga. Tsopano akamutsekere momwemo."

Anapita kwa bwana wamng'ono kukapempha galaja, ndi mwezi umodzi. Bwanayo anavomera mwa ulemu chabe, ngati mmene umavomerera mankhwala a azakhali. Koma ananena poyera kuti bambo ake akangotulukanso pa geti kamodzi, nkhani yatha, akwera ndege.

Pano ndiyenera kunena kuti Che Twaibu anali atasiya kujambula nkhope za anthu kalekale, kuyambira pamene analimbikira za mapemphero, poti ku mzikiti amati n'zosaloledwa. Mnzawo wina wa ku mzikiti, wa ku Mangochi, atamva zimene akufuna kuchita anawachenjeza. Iwo anamuyankha kuti akudziwa, ndipo mlanduwo akauyankha okha, koma sanaonepo munthu akudzudzulidwa chifukwa cha mtundu wa botolo la mankhwala. Sindikudziwa ngati yankholo linamukhutiritsa mnzawoyo. Sindikudziwanso ngati linawakhutiritsa iwo eni. Ndinkawaona akusamba m'manja nthawi yaitali akamaliza kujambula.

Thabwa tinalipeza pa bokosi la katundu la azungu ena amene ankasamuka. Penti inali yotsala kwa okonza nyumba a pa kampaundi. Ntchito yanga, pa nthawi yopuma, inali kugwira thabwa ndi kutseka pakamwa, ndipo yoyambayo ndinaikwanitsa. Manja awo ankanjenjemera akagwira kapu, koma akagwira burashi ankaima nji. Sanalembe kaye ndi pensulo. Anayamba ndi chifunga, kenako nsanja ya tchalitchi cha Angerezi inatulukamo, kenako kuwala kobiriwira kumwamba, kenako dzanja lalitali la mfundo zambiri likukwera pa mpanda. Pansi pake panaima mlonda ndi tochi, kukamwa kuli yasa. Makutu ake ndinawazindikira, poti ndimawaona pa galasi m'mawa uliwonse.

Ndiye ndinaona cholakwa. Dzanja la mlonda logwira tochi linali ndi zala zisanu ndi chimodzi. Monga munthu amene wawerenga theka la Aroma, ndinakonza pakhosi n'kuwadziwitsa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Limenelo ndi gawo la bwana, Aphunzitsi. Musalikhudze."

Anandifotokozera. Ku Limbe Dada sankatha kudutsa chikwangwani osalamula kuti chisinthidwe penapake. Akapanda kupeza cholakwa, ankaloza malo abwino kwambiri. Tsiku lina anawafufutitsa thambo lonse limene analijambula tsiku lathunthu. Kuyambira pamenepo Che Twaibu ankasiya dala cholakwa chimodzi, chosavuta kuona, chosavuta kukonza. Bwana ankachipeza, ankakalipa, mtima wake unkakhala pansi, ndipo zina zonse zinkapulumuka.

Dzuwa litapendeka Dada anavala jekete n'kuyamba kufuna makiyi. Che Twaibu anamuuza kuti atsegula kale, koma bwana abwere aone chikwangwani. Anatuluka naye pa khomo, ndipo m'malo mokhotera ku geti anakhotera ku galaja. Ine ndinali nditaima chapatali, mtima uli m'mwamba, chifukwa nkhalambayo ikanapitirira kulunjika kwa ine, ndikanayenera kuitsekereza, ndipo bwana wamng'ono anali pa windo.

Dada anaima patsogolo pa thabwa. Anaika manja kumbuyo. Msana umene ndinkaudziwa wopindika unawongoka pang'ono. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana zilembo, anatsika ndi maso pang'onopang'ono.

"Twaibu!"

"Bwana."

"Iwe, bwera kuno. Munthu uyu ali ndi zala zingati?"

"Aa! Pepani, bwana."

"Pepani, pepani. Maso akowo ndi a ntchito yanji? Ukufuna Limbe yonse indiseke? Konza msanga, anthu akubwera."

Che Twaibu anatenga burashi, anaipititsa kamodzi, chala chinasowa m'chifunga. Dada anagwedeza mutu ngati munthu amene wapulumutsa kampani, n'kukhala pa mpando umene unali utaikidwa pa khomo la galaja, pafupi ndi fani. Tiyi anabwera. Antchito a m'nyumba zina akamadutsa ankawalonjera ngati makasitomala. Anandiona ine n'kundikodola.

"Mlonda! A kumbuyo asaimirire pa mipando lero. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Kuitana kwa mapemphero a madzulo kutamveka, Dada anati anthu alowa, n'kulola kubwerera m'nyumba. Geti sanaliyang'ane n'komwe.

Zinapitirira choncho. M'mawa uliwonse Che Twaibu ankabwezerapo cholakwa china, kuti madzulo bwana apeze chokalipira. Lachinayi ankapaka thabwa lonse penti yoyera, Lachisanu pankakhala filimu yatsopano, chifukwa chikwangwani chikakhalitsa Dada ankayamba kufunsa ngati wina wapita ku siteshoni kukatenga mabokosi. Mafilimuwo sanali enieni. Ankawapeka okha, mayina ndi zonse, ndipo kalembedwe ka Chingerezi ankandifunsa ine, zimene zinapatsa bwana zolakwa zina zaulere. Ndinaona zinthu m'galaja muja. Basi yofiira yopanda anthu itaima pa mlatho. Ana a sukulu atafola, onse akuyang'ana kumwamba kupatula mmodzi amene ankayang'ana iwe. Dokotala akubwerera m'mbuyo, mthunzi wake osabwerera naye. Lackson ankati amangodutsa, koma Lachisanu lililonse galimoto yake inkafuna kupukutidwa pafupi ndi galaja imeneyo. Anafuna kujambula ndi foni, Che Twaibu anakana. Chikwangwani n'cha pamsewu, osati cha m'thumba. Lackson anabera chithunzi chimodzi, ndipo chimene chikuoneka bwino m'menemo ndi chala chake.

Mwezi uja unatha, wina unatha, nkhani ya Mangalande inangozilala yokha. Bwana wamng'ono anayamba kuweruka msanga Lachisanu likayandikira, n'kumaima kumbuyo kwa bambo ake pa khomo la galaja.

Koma ine amene ndinkaona thabwa tsiku ndi tsiku ndinazindikira chinthu. Gawo la bwana linkakula. Chala chinasiya kukwanira. Panabwera wapolisi wa chisoti chozondoka. Panabwera basi yopanda mateyala, kenako miyezi iwiri kumwamba. Dada ankatenga nthawi yaitali kuti apeze, ndipo nthawi zina Che Twaibu ankaima dala pafupi ndi cholakwacho, akukanda pamenepo ndi chikhadabo. Sitinakambirane zimenezi. Ankangobwera pa geti, kumwa karaki, n'kunena kuti penti ya masiku ano ndi madzi.

Tsiku limene ndikufuna kulemba linali la nyengo yozizira, kumayambiriro kwa 2017. Dada anali atayamba kuyenda pa njinga ya odwala. Pa thabwa panali mayi ataima pa masitepe ndi kuwala kobiriwira pansi pa chitseko. Che Twaibu anali atalijambula mwa njira yawo, akuti kumuyankha wojambula wa ku Mangalande uja amene ankalakalaka kumwa naye tiyi, ndipo ndikhulupirira kuti palibe china anachigwirira mtima chotero. Pakona panali mlonda, ndipo mlondayo anali ndi mitu iwiri. Yonse yanga.

Dada anayang'ana. Fani inkazungulira. Che Twaibu anaima pafupi ndi mitu ija, burashi ili kale m'manja, akudikira kutukwanidwa.

"Wajambula ndani ichi?" anafunsa Dada.

Che Twaibu anatsitsa burashi. Dada ankawayang'ana mwaulemu, ngati mmene umayang'anira munthu amene wakumana naye pa basi.

"Mnyamata wina wa ku Machinga, bwana."

"Amatha." Dada anakweza dzanja, naloza kuwala kuja pansi pa chitseko. "Taonani apa. Munthu sangadutse osalowa. Mumuuze abwere mawa, ndimulemba ntchito."

"Ndimuuza, bwana."

"Musamutaye ameneyu."

Madzulo amenewo anabwera pa geti ataiwala kutsuka burashi, ili m'thumba la malaya, penti yobiriwira ikulowerera pa nsalu. Anaima pafupi nane, tonse tikuyang'ana magalimoto.

"Mwamva, Aphunzitsi? Ndapeza ntchito."

"Ndamva. Zabwino zonse."

"Zaka zonsezi ndikumudikira. Mapeto ake wayamikira mlendo." Anaseka, napukuta m'maso ndi kofia. "Galu wa munthu."

Kuyambira tsiku limenelo Dada sanafunsenso makiyi. Anamwalira patapita masabata ochepa, pa bedi lake, m'nyumba ya mwana wake, Che Twaibu akumuyankha m'Chichewa chilichonse chimene ankanong'ona. Anaikidwa ku manda a ku Abu Hamour, kufupi ndi kumene ife timapemphera, ndipo basi yathu ya ku tchalitchi ikamadutsa chakumeneko ndimavula chipewa.

Bwana wamng'ono anawapempha kuti akhale, ntchito ipezeka. Iwo anati mawondo akufuna kwawo. Lachinayi lomaliza anapaka thabwa penti yoyera, monga mwa mwambo, ngakhale kunalibe filimu yobwera. Ku bwalo la ndege anawaperekeza Lackson, amene anakana kuti wina aliyense agwire chikwama chawo, ndipo pobwera anati maso ake afiira chifukwa cha fumbi.

Sindikudziwa mmene ndingawathokozere anthu ngati amenewa. Sanandipezere ntchito, sanandiphunzitse kujambula, ndipo nkhope yanga anaidyetsa kwa zilombo za mitundu yonse. Koma ndinabwera kuno ndikuganiza kuti zaka za pa geti ndi zaka zotayika, zongodikira kuti moyo ukayambirenso kwathu. Iwo anandiimika patsogolo pa thabwa n'kundionetsa kuti munthu angathe kugwira ntchito ndi mtima wonse pa chinthu chimene akudziwa kuti Lachinayi achifufuta yekha. Ana awo ku Ntaja amadziwa kuti bambo awo anali dalaivala. N'chifukwa chake ndalemba izi, ndipo Lackson walonjeza kuti akapita ku holide akawawerengera, ngakhale ndikudziwa kuti akaonjezera za mphaka uja.

Banja lija linasamuka chaka chatha. M'nyumbamo muli anthu ena, abwino, amene amandipatsa moni ndi dzanja galasi lili lotseka. Galaja imatseguka yokha ndi kabatani. Ikatseguka ndimaona khoma la kumanja, pamene pali misomali iwiri yopanda chopachika, ndi pansi pamene timadontho tobiriwira ndi tachikasu tinakana sopo wa okonza nyumba. Teyala la kutsogolo la galimoto yawo limaima pomwepo. Pa khomo, pamene pankakhala mpando ndi fani, aikapo mabini awiri a zinyalala. Dzuwa likapendeka mthunzi wa nyumba umafikabe pamalopo, wokwanira anthu awiri, mmodzi atakhala, wina ataimirira. Umakhalapo kanthawi, kenako chitseko chimatsika.